Khosi Louma, Nyumba Yopanda Mwana

1

Ndikafuna kuona munthu amene waima pambali panga, ndimatembenuka thupi lonse. Anthu a kwathu ku Ndunde anazolowera kale, amene amadabwa ndi alendo okha. Ine ndine Veronika, ndipo nkhani yanga ndi ya khosi langali. Koma ndineneretu kuti chimene chinatsala pang'ono kupasula moyo wanga si khosi ayi.

Linayamba ndili namwali, chaka chimene asilikali ankabwerera kuchokera kunkhondo yaikulu ija. Sindinagwe, ndipo palibe anandimenya. M'mawa wina ndikutula mtsuko pochokera kuchitsime, ndinamva ngati wina wandilasa ndi msomali wamoto kuseri kwa khutu lamanzere. Ululuwo unatsika mpaka paphewa.

"Wagona moipa," anatero amayi. "Mawa likhala litamasuka."

Silinamasuke. Tinakolola, kunabwera chiperoni, kunatentha, mvula inagwanso, khosi lili chiumire. Masiku ena linkandilola kugwira ntchito mpaka masana. Masiku ena dzanja lamanzere linkachita dzanzi, mutu n'kumagunda, moti ngakhale kutafuna chimanga chokazinga sindinkatha.

Amayi anayesetsa. Bambo anga anali atamwalira kale, choncho ankayenda nane okha. Sing'anga wina wa ku Namitambo ananditema mphini kuyambira m'tsitsi mpaka pakati pa mapewa, ndipo zipsera zake ndili nazo. Wina anati ndinaponda mankhwala panjira. Wina anati mizimu ya makolo ikufuna mowa. Kuchipatala cha kumishoni asisitere anandigwiragwira, n'kundipatsa asipirini ndi mafuta opaka. Palibe anaona kanthu, chifukwa panalibe chotupa, panalibe bala.

Vuto linagona pamenepo. Munthu wa chilonda amamumvera chisoni chifukwa chilondacho amachiona. Ine ndinali wonenepa bwino, khungu losalala, koma wosasenza, wosasinja. Ndikamadutsa pamtondo atsikana anzanga ankakweza mawu dala.

"Khosi la Veronika ndi lochenjera. Limawawa likaona munsi, likamva ng'oma limachira."

Mnyamata wina, Silvesta, anandifunsira. Mayi ake anabwera kudzandiona, ndipo pobwerera anandipatsa dengu la chinangwa kuti ndiwaperekeze. Ndinadziwa kuti akundiyesa. Ndinapinda nkhata, ndinaluma mano, n'kusenza. Titafika pamtsinje maso anachita mdima, dengu linagwa, chinangwa mbwee m'madzi. Mayiwo anatola okha n'kumapita. Silvesta sanabwerenso.

2

A Vitalis anafika m'dera lathu njala ya 1949 itangotha, atanyamula makina osokera panjinga. Kwawo kunali ku Namadzi, koma anali atakhala zaka zambiri ku Halale, kumene ankagwira ntchito m'nyumba ya mzungu, ndipo chingerezi ankachilankhula ngati madzi. Anapempha malo pakhonde la sitolo ya pa Ndunde n'kuyamba utelala. Anali aakulu kwa ine, ofatsa, osamwa mowa, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala kutsogolo m'tchalitchi.

Ndinapita kukasoketsa diresi. Pondiyeza mapewa ndinadzidzimuka.

"Pepani. Ndakupwetekani?"

"Ndi khosi. Limawawa."

"Liyambire liti?"

Ndinawauza, ndikudikira kuti aseke. Sanaseke. Anafunsa mbali yake, anafunsanso ngati limanyanya kukazizira. Tsiku lokatenga diresi ndinapeza atandisokera kathumba kakatali kodzaza mchenga wa kumtsinje.

"Muzikaika pafupi ndi moto, kakafunda muzikaika pakhosi. Mzungu wanga ankatero ndi msana wake."

Sikanandichize, koma kanandibwezera tulo. Ndipo munthu woyamba kundikhulupirira ndi amene ndinakwatiwa naye.

Tinadalitsa ukwati kumishoni, iwo n'kumanga nyumba pakhomo pa amayi monga mwa mwambo wathu. Ankadzuka m'mamawa kukatunga madzi, ndowa ziwiri pamtengo, amuna anzawo akuwaseka kuti ndinawadyetsa khuzumule. Anandisemera mpini wautali kuti ndisamawerame kwambiri polima. Chimanga ankapita nacho kuchigayo panjinga. Amayi ankati Mulungu wandilanda khosi koma wandilipira ndi mwamuna.

3

Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa, mimba osaoneka.

Kwathu mkamwini wosabereka sakhalitsa pamudzi. Amalume anga, a Bonifasio, amene analinso ankhoswe anga, anayamba kubwera pafupipafupi. Tsiku lina ndinawamva akulankhula ndi amayi kuseri kwa nkhokwe.

"Mbumba yathu ilibe wouma, achemwali. Inu munabereka, amayi athu anabereka. Munthu uyu wakhala ku Halale zaka zonsezi, bwanji sanasiyeko mwana?"

"Ndi munthu wabwino, achimwene."

"Ubwinowo sindikukana. Koma tikakolola ndiwatenga onse awiri, tikawaonetse kwa anthu odziwa. Likapezeka vuto ndi lake, atenge makina akewo azipita."

Ndinawauza a Vitalis tikudya, poganiza kuti angoseka. Anasamba m'manja chakudya chisanathe. Patapita masiku ochepa anandiitana.

"Tiyambe ndi khosi. Ku Blantyre kuli chipatala chachikulu, kuli makina oona mafupa. Mwina zonsezi gwero lake ndi limodzi."

Tinakwera lole yonyamula nandolo mpaka ku Limbe. Msewu unali wa mabampu, ndipo ndinafika nditagwira mutu ndi manja onse, misozi ikutsika yokha. Anandijambula mafupa, tinagona kwa mbale wawo, m'mawa mwake n'kulowa kwa dokotala.

Anali mzungu wachinyamata, wongofika kumene m'dziko muno, wosadziwa Chinyanja. Womasulira wake anaitanidwa mwadzidzidzi kwa munthu wovulala. A Vitalis anaimirira n'kunena kuti amasulira okha.

Dokotala anandipinda khosi uku ndi uku, anandigogoda m'zigongono ndi kanyundo, anayang'ana chithunzi cha mafupa pazenera. Kenako analankhula nthawi yaitali. A Vitalis anafunsa kanthu motsitsa mawu. Dokotala anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono, n'kupukusa mutu. Ine ndinkangoona milomo ikuyenda.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Tikakambirana panja."

Panja tinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu. Anatenga nthawi akusasa fumbi pachipewa chawo.

"Veronika, ulimbe mtima. Nthenda aipeza. Ili m'fupa la khosi, ndipo yatsika ndi msana mpaka m'chiuno. Ndi imene yatseka njira ya ana."

Ndinagwira khosi langa.

"Palinso china. Akuti mimba itati ilowe mwangozi, tsiku lobereka fupalo lidzathyoka. Sudzadzuka pamphasa."

"Dzina lake ndi chiyani nthendayo?"

"Ndi la chingerezi, sungalithe."

"Nanga amasekeranji?"

"Azungu amatero akamanena zowawa. Koma usaope. Njira ndi yotseka, mimba singalowe. Ndipo ine sindikusiya."

4

Ndinene zoona, awerengi. Pobwerera pa lole ija, pansi pa chisoni changa panali kachimwemwe. Nthenda yanga inali itapezeka. Mzungu wa makina anali ataiona ndi maso.

Nkhani inawanda mudzi wonse. Amalume anabwera ndi tambala m'khwapa, n'kukhala pansi pamaso pa mkamwini wawo.

"Tinakuganizirani molakwa. Vuto ndi la mwana wathu, ndipo mukafuna kupita sitikuletsani."

"Ndinalumbira pa guwa, amalume," anayankha a Vitalis. "Ndili pompano."

Amene ankandinena ulesi anayamba kundilandira nkhuni panjira. Kutchalitchi katekisiti ankatchula a Vitalis polangiza anyamata: onani munthu amene sanataye mkazi wodwala, wosabereka.

Ine ndinasanduka dzira. Amayi anandiletsa ngakhale kusesa. Ndikaterereka pang'ono pamatope, ndinkaima chilili kumvetsera ngati fupa lathetheka. Ndipo khosi linanyanya. Kale ndinkalimbana nalo, tsopano ndinkaliopa. Ndinkayenda mapewa nditakweza, mano nditaluma, pofika madzulo mutu wonse uli moto.

Pang'ono ndi pang'ono ndinaphunzira kukhala nalo. Ndinaona kuti kugona tsiku lonse kumaliumitsa koposa, choncho dzuwa likafunda ndinkapita kudimba kukazulira udzu mu mpiru nditakhala pansi, msana uli njo. Madzi othirira ndinkatunga m'tizitini, dzanja ili ndi ili. Pa chiperoni ndinkadzikulunga mpango n'kumathowa ndi madzi otentha. Chimene sindinachipezere mankhwala ndi ana a anzanga. Amene ndinakula nawo anali ndi wina kumsana, wina akuwagwira nsalu. Akandipatsa khanda kuti ndinyamule, ndinkanamizira khosi.

Tsiku lina tikuchokera ku ubatizo wa mwana wa mnansi wathu, ndinaima panjira.

"Bambo, ine ndakumangani. Munthu wabwino ngati inu mufe opanda mwana chifukwa cha ine? Ndipita ndekha kumishoni kwa abambo mfumu, ndikafunse ngati pali njira yokumasulani."

Nkhope yawo inasintha.

"Usadzanenenso zimenezo. Usapite kwa wina aliyense."

Titafika anazungulira kuseri kwa nyumba n'kukhala kumeneko mpaka nkhuku zinalowa. Ine ndinati ndi chikondi, ndipo ndinalira chifukwa cha mwayi wanga.

Zaka zinadutsa choncho. Ndinkawathokoza tsiku lililonse. Akakwiya ndinkapepesa ndisanadziwe cholakwa changa.

5

Mu 1955, chimanga chikumasula, mwezi unandidumpha. Ndinati ndi kutopa. Unandidumphanso wina. Fungo la matemba linayamba kundichititsa nseru.

Amayi anandiitanira m'nyumba mwawo, anandiyang'ana mawere, anandigwira pamimba. Kenako anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu.

"Mwana wanga, waima."

Mawu amene nyumba zina zimawalandira ndi nthungululu, ife tinawalandira ngati uthenga wa maliro.

Sindinadikire kuti a Vitalis aweruke. Ndinapita kusitolo masana omwewo, ndipo ndinawapeza okha, akusoka kabudula wa sukulu.

"Bambo, ndili ndi mimba."

Makina anaima. Ndinkayembekeza kuti agwira mutu, alira, anena kuti tithamangire ku Blantyre. Iwo anandiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaonepo.

"Ndi ya ndani?"

"Mwati chiyani?"

"Ndafunsa kuti ndi ya ndani. Amabwera ndani kunyumba kuja ine ndikakhala pano?"

"Ine ndikukuuzani kuti ndikufa, inu mukundifunsa za amuna?"

"Usandiyese mwana, Veronika. Mimba imeneyo si yanga."

Ananena mosakayika, ngati munthu amene akutchula dzina lake lomwe. Kenako anapondanso makina. Ndinaima pamenepo mpaka kunabwera munthu wodzatenga malaya ake, ndipo a Vitalis anamulonjera mwansangala ngati palibe chachitika.

6

Masiku otsatira m'nyumba mwathu munazizira. Kathumba ka mchenga a Vitalis sankakafunditsanso. Ankatulukira masana mosayembekezeka n'kumayang'ana mapazi pabwalo.

"Mphunzitsi wa kusukulu uja anakupatsa moni Lamulungu. Mwadziwana liti?"

"Amapatsa moni aliyense, bambo."

"Nanga wogula nandolo uja? Kapena ndi Silvesta wako wakale?"

"Mulungu akundiona."

"Mulungu amaona zambiri," anatero, n'kutuluka.

Khosi linauma gwa, moti madzi ndinkamwera bango. Amayi sindinawauze za kundiganizira kumeneku, ndinachita manyazi. Iwo nkhawa yawo inali imodzi. M'mawa wina anachoka osatsanzika, n'kubwera madzulo ndi mizu yokulunga m'tsamba la nthochi.

"Ndatenga kwa mayi wina kupitirira Namitambo. Akuti ikadali yaing'ono, ituluka ngati kusamba chabe."

"Amayi, limeneli ndi tchimo."

"Tchimolo likhale langa, wokalapa ndine. Sindingakhale pano kudikira mwezi woti ndiike mwana wanga m'manda."

Anaitanitsa a Vitalis n'kulankhula nawo ali kuseri kwa mpanda, monga amachitira apongozi.

"Apongozi, inu ndi amene munamva ndi makutu anu. Dokotala sanasiye kampata kalikonse?"

A Vitalis anaweramitsa mutu. Ine ndinali pakhonde, ndikuwaona msana.

"Zimene ananena ndinanena kale, amayi. Chitani zimene mukuona."

Mizuyo inafunika kuviikidwa kaye. Ndinapempha kuti ndipite kumishoni ndikalape ndisanamwe, poti mwina sindidzadzuka. Amayi analola. Koma nditafika, miyendo inandipititsa kuchipatala, kwa sisitere wina wachikulire amene ankabereketsa azimayi, wodziwa Chinyanja bwino. Ndinamuuza zonse kupatula za mizu.

Anandipima mofatsa.

"Mimba ili bwino, chiuno chakonso chili bwino. Nthenda ya khosi yotseka njira ya ana ine sindinaimvepo. Koma ine si dokotala, ndipo sindingatsutse mawu amene sindinawamve. Dokotalayo dzina lake ndani?"

Sindinalidziwe. Iye anati madokotala a boma amasinthasintha, mwina ameneyo anabwerera kwawo kalekale.

"Nanga m'chipindamo munalinso ndani wakumva chingerezi?"

"Amuna anga okha."

Sisitere anapinda kansalu kopukutira m'manja.

"Usamwe chilichonse chimene munthu angakupatse," anatero pomaliza. "Wamva?"

Njira yobwerera ndi yaitali, ndipo munthu wosatha kucheuka amayenda ndi maganizo ake okha. Ndinakumbukira kuseka kwa dokotala kuja. Ndinakumbukira kuti ulendo wa ku Blantyre unabadwa amalume atangonena zokationetsa kwa anthu odziwa. Koma chimene chinandiimitsa pakati pa njira ndi funso la pasitolo lija. Mwamuna amene amagona ndi mkazi wake pamphasa imodzi angadziwe bwanji, atangomva kumene, kuti mimba si yake?

7

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi anali atasefera kale mankhwala m'chikho, akuda bii, onunkha ngati dothi lonyowa. Ndinatenga chikhocho.

"Ndikamwera kwanga, amuna anga akuona."

Amayi ananditsatira n'kukhala pakhonde. A Vitalis anali m'nyumba, akuthira mafuta tcheni cha njinga. Ndinakhala pamphasa moyang'anana nawo, chikho pakati pathu.

"Bambo, ndabwera kudzamwa. Koma ine chingerezi sindimva. Moyo wanga ndi wa mwanayu uli pa mawu anu. Nenaninso zimene ananena dokotala, mukundiyang'ana."

"Ndazinena kangati?"

"Nenaninso."

Anapukuta manja pabuluku. Maso ali panjinga, anati, "Anati fupa lidzathyoka."

"Mukundiyang'ana, bambo."

Anadzutsa mutu. Anandiyang'ana, n'kunena ndithu.

"Lidzathyoka."

Ndinanyamula chikho. Mpaka lero sindidziwa ngati ndikanamwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuwawa kwa mizuyo kunandifika pamilomo. Poti mutu sindikanatha kuupendeketsa, ndinayamba kukweza chikhocho pang'onopang'ono.

"Tula."

Sindinatule.

"Veronika, tula pansi. Dokotala sananene zimenezo."

Pakhonde mphasa ya amayi inachita phokoso.

"Ananena chiyani?"

"Anati mafupa ako ali bwino. Anati sakuona chimene chikukupweteka, ngakhale akukhulupirira kuti ukumva kuwawa. Anati uzithowa, uziliyendetsa khosilo pang'onopang'ono, usamasenze zolemera. Nditamufunsa za ana anaseka, anati khosi ndi mimba n'zotalikirana."

"Ndiye munandinamiziranji?"

Anatsika pampando n'kukhala padothi. Anafotokoza akuyang'ana zala zawo. Ku Halale anadwala matsagwidi ali aakulu kale, ndipo nthendayo inatsikira kumusi, kunatupa koopsa. Wothandiza dokotala wa kumeneko anawauza kuti asayembekezenso mwana. Anali ndi mkazi kumeneko, anakhala naye zaka popanda kanthu, ndipo mkaziyo atapita kwa mwamuna wina sanachedwe kubereka.

"Amalume ako akanandithamangitsa. Dera lonse likananditcha gojo. Ndinaona kuti iwe ukudwala kale, anthu akumvera chisoni, sakuseka. Za kufazo ndinawonjezera kuti asakupezere mwamuna wina mwamseri."

"Ndipo lero mumati ndimwe."

"Ndimati ndi mwana wa wina." Anandiyang'ana. "Koma ngakhale akhale wa wina, usamwe. Ndimulera."

Pa zonse zimene ananena tsiku limenelo, mawu amenewa ndi amene anandilasa koposa. Iwo ankaona ngati akundichitira chifundo chinanso.

"Palibe wina, bambo. Sipanakhalepo wina."

Ndinaona pankhope pawo kuti sakukhulupirira.

Amayi analowa, mwambo wa upongozi atauiwala. Anatenga chikho n'kukakhuthula kudzala. Pobwera anaima pakhomo n'kuwayang'ana a Vitalis m'maso, koyamba chibwerere iwo pamudzi pathu.

"Mukanandiphetsa mdzukulu wanga ndi manja angawa," anatero motsitsa. "Tulukani."

8

Ankhoswe anakumana. Amalume anafuna kuwasudzula tsiku lomwelo, koma abambo mfumu anakumbutsa kuti ukwati wa m'tchalitchi sumasuka. Anagwirizana kuti a Vitalis abwerere kaye kwawo ku Namadzi. Atandifunsa maganizo anga, ndinati apite. Anamanga makina panjinga, anthu ataima m'makomo mwawo.

Mudzi sunachedwe kutembenuka. Ena anati, "Si tinkanena? Mzungu sanapeze kanthu, ndi ulesi basi." Ena ankatchula amuna a m'mudzi mmodzimmodzi, kufuna mwini mimba. Mwamuna anapita, dzina la nthenda yanga linapita, khosi lokha ndi limene linatsala pomwepo. Koma ndinayamba kuliyendetsa m'mawa uliwonse monga ananenera dokotala uja, malangizo amene anandipeza atachedwa ndi zaka. Poyamba ndinkachita mantha. Palibe chinathyoka.

Ndinachira kuchipatala cha kumishoni, kukutentha, anthu akusosa m'minda. Ngakhale ndinkadziwa kuti linali bodza, pa ululu uliwonse ndinkamvetsera kuthyoka kwa fupa. Bodza limene wakhala nalo zaka silituluka m'thupi msanga. Chimene ndinamva ndi kulira kwa mwana wamkazi. Tinamubatiza Kristina.

Mwana atayamba kukhala pansi, kunabwera mayi awo a Vitalis kuchokera ku Namadzi, osaitanidwa. Anapempha kumunyamula. Anamuvula, anamuyang'ana makutu, mphumi, zala zakumapazi. Kenako anayamba kulira.

"Uyu ndi Vitalis ali khanda. Ndinkamusambitsa ndine, sindingasokere."

Sipanapite nthawi, a Vitalis anafika. Anaima kumapeto kwa bwalo, chipewa m'manja, ataonda. Ndinawasiya ataima nthawi yaitali. Kenako ndinayala mphasa pabwalo, ndinamukhazika mwana pamenepo, ine n'kulowa m'nyumba. Ndili m'katimo ndinamva munthu wamkulu akulira ngati wafedwa.

Anabwerera pakhomo chaka chotsatira, atapepesa kwa ankhoswe ndi kwa amayi. Ine ndinafuna chinthu chimodzi: aime pabwalo la tchalitchi Misa itatha, anene ndi pakamwa pawo kuti sindinayendepo ndi mwamuna wina, ndiponso kuti dokotala sanati ndikunama. Ananena, anthu onse akumva, katekisiti uja atazolika. Tikukhala limodzi mpaka lero. Mukandifunsa ngati ndinawakhululukira, yankho langa limasintha ndi masiku. Koma kuchipatala ndimalowa ndekha, ndipo womasulira ndimamudikira ngakhale dzuwa lipendeke.

9

Awerengi anzanga, khosi langa likuwawabe. Ndaonana ndi madokotala enanso, onse akuti sakuona kanthu, ndipo ndinasiya kuwakwiyira. Masiku abwino achuluka kuposa oipa, ngakhale oipawo akabwera amabwera ndithu.

Chimene ndikufuna mutolepo ndi ichi. Munthu amene wamva kuwawa nthawi yaitali popanda womukhulupirira amafika polandira dzina lililonse la nthenda yake, ngakhale dzina loti limuphe. Ine langa ndinalilandira ndi manja awiri chifukwa linatseka anthu pakamwa, ndipo sindinafunsenso. Ngati pakhomo panu pali wina amene akuti pakumuwawa pamene inu simukuonapo bala, musadikire kuti abwere ndi umboni wa chipatala. Mukamukana, adzagwera m'manja mwa woyamba kumumvera, ndipo womverayo mwina ali ndi chake chobisa. Inunso odwala, mawu okhudza thupi lanu muziwamva ndi makutu anu.

Dzulo Kristina anandipeza nditakhala padzuwa, n'kundifunsa, "Amayi, m'khosi mwanumo muli chiyani?"

Ndinati, "Sindikudziwa, mwana wanga. Palibe akudziwa."

Ndi yankho losakoma. Koma pa mayankho onse amene ndapatsidwa chiyambire khosi limeneli, ndi lokhalo limene silinapweteke munthu.